Ma core 28 kapena ma core 4? Tiwerenge kaye tisanatulutse ndalama za kalabu

Awa ndi mawu amene mnzathu woyang'anira za makompyuta anayankhula pamkumano wa Loweruka lapitali. Tawaika pano kuti amene simunabwere muwerenge tisanavote sabata yamawa.



Nkhani mukuidziwa. Ndalama tasonkha zija zikukwanira chimodzi mwa ziwiri: server yakale imene ikutsatsidwa pa Facebook, kapena malaputopu angapo ogwiritsidwapo kale ntchito. Amene akufuna server akuti ili ndi ma processor awiri a Xeon, ma core 28 onse pamodzi, pomwe laputopu ili ndi anayi okha. Mukangomva choncho, server yawina kale, eti? Koma tiyeni tione chimene manambalawa akunena.

Processor ndi kachipangizo kamene kamagwira masamu onse m'kompyuta. M'kati mwake muli ma core, ndipo core iliyonse muitenge ngati wophika mmodzi ndi mthiko wake.

Ya m'malaputopu tikuwayang'anawa ndi Intel Core i5-8250U, yotuluka mu 2017. Ili ndi ma core 4, imathamanga pa 1.6 GHz ndipo ntchito ikafika imakwera mpaka 3.4 GHz. Ya mu server ndi Intel Xeon E5-2680 v4, yotuluka mu 2016. Ili ndi ma core 14, imayambira pa 2.4 GHz n'kukwera mpaka 3.3 GHz. Taonani bwino pamenepo: core imodzi ikathamanga ndi mphamvu zake zonse, ya laputopu siitsalira m'mbuyo ayi.

Tsono ganizirani za ukwati. Miphika ikuluikulu khumi ili pamoto, anthu mazana akudikira chakudya. Pamenepo pafunikadi amayi ophika ambiri, aliyense ndi mphika wake. Imeneyo ndiye ntchito ya server. Inapangidwa kuti izitumikira anthu ambirimbiri nthawi imodzi, usana ndi usiku osazima, monga makompyuta a kubanki kapena amene amasunga mawebusaiti. Koma mukafuna nsima ya anthu atatu kunyumba, mphika ndi umodzi, mthiko ndi umodzi. Muitane amayi 14, mmodzi avundula, 13 enawo angokhala n'kumaonerera. Nsima siipsa msanga chifukwa choti ophika achuluka.

Ndiye ife timaphika chiyani pakalabu pano? Kulemba CV pa Word, kuwerengera ndalama pa Excel, kufufuza za sukulu pa intaneti, kuphunzira Python, kukonza maposita. Zambiri mwa zimenezi ndi za mphika umodzi kapena iwiri. Mutakhala pa server ija kulemba kalata, simungamve kusiyana kulikonse.

Ndisakubiseni, pali pamene Xeon imasiya laputopu kutali. Processor ya laputopu ikalimbana ndi ntchito yolemetsa kwa nthawi yaitali imatentha, kenako imadzichepetsera liwiro yokha kuti isapse. Xeon, ndi mafani ake aja, imatha kukoka katundu tsiku lonse. Kumbali ya RAM, i5 ija imathera pa 32 GB, pamene Xeon imalandira mpaka 1.5 TB, komanso RAM yake ndi ya mtundu wa ECC imene imadzikonza yokha kakalakwika kena kakang'ono. Kwa banki zimenezi n'zofunika kwambiri, chifukwa nambala imodzi ikasokonekera ndi ndalama za munthu. Kwa ife olemba CV, ndi lole yonyamulira thumba limodzi la makala.

Tsopano nkhani imene wogulitsa sangakuuzeni: magetsi. I5-8250U inapangidwira ma watt 15. Xeon imodzi ndi ma watt 120, ndiye ziwiri ndi 240, kuchulukitsa ka 16. Zikamagwira ntchito mwamphamvu kwa maola 8, ma processor awiri okhawo adya pafupifupi mayunitsi awiri, tisanawerengere mafani, ma hard disk ndi sikirini. Chaja ya laputopu yotere nthawi zambiri imakhala ya ma watt 45 kapena 65, ndipo imeneyo ikudyetsa kompyuta yonse. Alipira mayunitsiwo ndani? Ndife tomwe, mwezi ndi mwezi.

Nanga magetsi akathima? Laputopu ili ndi batire, umapitiriza kapena umasunga ntchito yako bwinobwino, ndipo ka sola kapakati kakhoza kuitchaja. Server imangoti zii nthawi yomweyo pokhapokha tigulenso UPS. Onjezerani sikirini, kiyibodi ndi mausi, poti server imabwera yokhayokha. Phokoso la mafani ake nalonso, m'kachipinda kathu kaja sitingamvane. Ndipo chachikulu n'chakuti pa sikirini imodzi pamakhala munthu mmodzi. Kuti ambiri aigwiritse ntchito nthawi imodzi, aliyense afunikabe kompyuta yake yolumikizira. Tibwereranso pomwe tinayambira.

Palinso nkhani ya Windows. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025. Pamndandanda wa ma processor a Intel Core ovomerezeka pa Windows 11, pafupifupi onse akuyambira m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo. I5-8250U ilipo. Xeon E5 v4 palibe. Linux imayenda bwino pa server ija, zoona, koma ambiri mwa inu mukufuna kuphunzira zimene mukakumane nazo kuofesi mukapeza ntchito.

Pomwepa ndikupatseni kachinsinsi kokuthandizani ngakhale mukamagula yanuyanu. Musamangomva kuti i5 kapena i7, werengani nambala yotsatirayo. Pa 8250U, 8 woyambayo ndi m'badwo, ndipo U akutanthauza kuti imadya magetsi ochepa. I7-7500U ndi ya m'badwo wachisanu ndi chiwiri, ndipo ili ndi ma core awiri okha. Ndiye kuti munthu akhoza kulipira zambiri chifukwa cha dzina loti i7, n'kupita kunyumba ndi ma core ochepa kuposa mnzake amene wagula i5 ya m'badwo wotsatira. Wogulitsa akangoti "ndi i7 bwana", muuzeni aiyatse, mutsegule Task Manager muone nokha dzina lonse la processor ndi kuchuluka kwa ma core.

Maganizo anga ndi akuti tigule malaputopu a m'badwo wa 8 kapena kuposerapo, RAM isachepere 8 GB, akhale ndi SSD, ndipo batire tiliyese pamaso pa wogulitsa tisanapereke ndalama. Tsiku limene tidzakhale ndi ntchito yoyenera server, monga kusunga mabuku ndi mavidiyo ophunzirira kuti tonse tizitenga pa Wi-Fi ya pakalabu, tidzakambirananso, ndipo mwina laputopu imodzi yakale idzakwanitsa ngakhale zimenezo.

Amene mukuona mosiyana, bwerani ndi manambala anu Loweruka, tidzawerengere limodzi pabolodi tisanakweze manja.