Wakuba wa pa okushoni amakuitanirani kuseri

 Mwandipempha kuti ndiyankhulepo za kugula katundu pa okushoni ya pa intaneti, ndipo ndiyambe ndi kukukumbutsani kuti kwa ife Amalawi okushoni si nkhani yachilendo ayi. Ambiri mwa ife tidaphunzira sukulu ndi ndalama za fodya wogulitsidwa ku Limbe kapena ku Kanengo, ndipo amene adalowako akudziwa m'mene zimakhalira: mabelo ali m'mizere, otsegula, ogula akuyenda m'mbali mwake, kugwira tsamba ndi kulinunkhiza, woitanira mitengo akuthamangitsa mawu ngati akuimba nyimbo. Mlimi amadandaula za mtengo chaka ndi chaka, ndipo nthawi zambiri amadandaula zoona, komabe malondawo amachitika poyera. Woika miyala pakati pa belo amagwidwa chifukwa nambala yake ili pa chiguduli. Amene amaberedwa koopsa ndi mlimi uja wagulitsa fodya wake kwa venda usiku kumudzi, belo lisanafike n'komwe pamsika.

Pa intaneti belo simungalitsegule. Muli ndi chithunzi, mawu a wogulitsa, ndi malamulo a eni msikawo basi. Tsono chimene ndabwera kudzanena lero ndi ichi: malamulo amenewo amakutetezani pokhapokha ndalama yanu ikadutsa m'manja mwa eni msika, ndipo ntchito yonse ya wakuba ndi kukunyengererani kuti mutuluke pamsikapo mukapangane naye kuseri.

Msika wotchuka wa mtunduwu ndi eBay, umene adauyambitsa a Pierre Omidyar ku California m'chaka cha 1995. Chimodzi mwa zinthu zoyamba kugulitsidwa pamenepo chidali kachipangizo kolozera ka laser, kowonongeka, ndipo kadapita pa mtengo wa $14.83. A Omidyar adadabwa, nalembera wogulayo kumufunsa ngati wamvetsa kuti kanthuko n'kakufa, iye n'kuyankha kuti akudziwa. Wogula ameneyo adawerenga. Milandu yambiri ya pa okushoni imayamba ndi munthu amene adangoona chithunzi cha foni yokongola osawerenga mzere wa pansi wonena kuti n'njongochotsako zipangizo. Wogulitsa akalemba chilema cha katundu wake inu osachiona, eni msika sadzakumverani chisoni.

Chinyengo choyamba chili pa mtengo penipeni. Pa eBay mumalemba ndalama yomaliza imene mungalipire, ndipo kompyuta ndiyo imakwezera pang'onopang'ono m'malo mwanu pamene ena akupikisana nanu. Wogulitsa wosakhulupirika amatsegula maina ena abodza, kapena amauza mlamu wake, n'kumapikisana nanu pa katundu wake yemwe, kufikira atakankhira mtengo pafupi ndi malire anu. M'chaka cha 2000 loya wina wa ku Sacramento, Kenneth Walton, adaika pa eBay chithunzi chojambula pamanja chimene adachiika zizindikiro zabodza kuti anthu aganize kuti n'cha katswiri Richard Diebenkorn. Mtengo udafika $135,805 eni msika asanaimitse malondawo, ndipo zidadziwika kuti iye ndi anzake amakweza mitengo ya zithunzi zawo pogwiritsa ntchito maina ambirimbiri. Adavomera mlandu mu 2001. Ngati anthu ophunzira, odziwa za zithunzi, adatengeka chotero, ife ndife yani? Mankhwala ake ndi akale: lembani pa pepala ndalama yanu yomaliza malonda asanatenthe, mutawerengera kale yotumizira ndi msonkho, ndipo ikapitirira pamenepo musiyeni apite nayo. Mtima wofuna kupambana mnzako ndiwo umadyetsa wakuba.

Chinyengo chachiwiri ndicho chachikulu, ndipo chimabwera mwaulemu. Mwaluza pa okushoni, ndiye tsiku lotsatira mukulandira kalata ya pa imelo yonena kuti wopambana uja walephera kulipira, katundu ndi wanu, koma tumizani ndalama mwachangu. Kapena wogulitsa akuti tiyeni tipitirize pa WhatsApp, ndikuchotserani mtengo poti eBay sidzadulapo gawo lake. Zoona zake n'zakuti eBay ili nayo njira yopatsira mwayi wachiwiri amene adaluza, koma uthengawo mumaupeza m'kati mwa akaunti yanu ndipo mumalipira momwemo. Mukalipira pamsika, katundu osafika kapena kufika wosiyana ndi amene adalemba, muli ndi masiku 30 okadandaula ndipo ndalama ikhoza kubwerera. Mukalipira kuseri palibe amene adaona, ndipo eni msika adzakuuzani mwaulemu womwewo kuti malonda amenewo sakuwadziwa.

Yang'anitsitsani njira imene wogulitsa akufuna kuti ndalama idzere, chifukwa wakuba amasankha njira yosabwerera. Kutumiza ndalama kudzera ku Western Union kapena MoneyGram n'kwabwino pothandiza amayi kumudzi, koma ikangotengedwa yapita. Mu 2017 kampani ya Western Union idavomera kulipira boma la America $586 miliyoni chifukwa cholephera kuletsa mbava kugwiritsa ntchito njira yake. Pa PayPal pali njira ziwiri, yolipirira katundu ndi yotumizira abale ndi abwenzi. Yachiwiriyo ilibe chitetezo cha wogula, ndipo wogulitsa akakupemphani imeneyo wakuuzani kale zolinga zake. Kuno kwathu Airtel Money ndi Mpamba zili chimodzimodzi: nambala ya munthu wosamudziwa ikalandira, iye n'kukatapa kwa ejenti mphindi zomwezo, kuitsata n'kovuta. Inu amene mudakhala ku Britain ndipo mukadali ndi makhadi a ngongole a kumeneko, kumbukirani gawo 75 la lamulo lawo la Consumer Credit Act la 1974, limene limati banki yopereka khadi ili ndi udindo pamodzi ndi wogulitsa pa katundu woposa £100 kufikira £30,000. Koma ndalama ikadutsa mwa mkhalapakati wina, chitetezo chimenecho chikhoza kusokonekera, choncho funsani banki musanadalire.

Tsopano ndifike pamene ambiri a inu mwadzera, pa galimoto za ku Japan, chifukwa apa ndi pamene penshoni za anthu zikuthera. Chinthu choyamba kudziwa n'chakuti pa okushoni zikuluzikulu za galimoto ku Japan, monga USS, munthu wamba salowako. Amapikisana ndi amalonda olembetsedwa okha. Choncho amene akukuuzani kuti akugulirani pa okushoni ndi mkhalapakati, ndipo funso ndi lakuti mkhalapakatiyo ndani, kampani yake ili pati, ndipo akaunti yake ya ku banki ili m'dzina la yani. Kampani ya ku Japan yoti ilandirire ndalama m'dziko lina, m'dzina la munthu, imeneyo ithaweni. Kuli bungwe la otumiza galimoto zakale kunja lotchedwa JUMVEA limene lili ndi mndandanda wa mamembala ake, ndipo kuufufuza sikulira ndalama. Mbava zimatenga dzina la kampani yodziwika n'kusintha chilembo chimodzi pa adiresi, zithunzi n'kuba zenizeni. Zina zimaloŵerera pakati pa makalata anu ndi kampani yoona, n'kukulemberani kuti akaunti yasintha. Kalata yotere ikafika, musayankhe pomwepo. Imbani foni pa nambala imene mudali nayo kale.

Galimoto iliyonse yodutsa pa okushoni yoona imakhala ndi pepala la woyendera, ndipo pepala limeneli ndilo belo lotsegula lija. Pamwamba pamakhala giredi: 4.5 kapena 5 ndi galimoto yabwino kwambiri, 4 ndi yabwinobwino, 3.5 yatopako, pamene R kapena RA ndi imene idachita ngozi n'kukonzedwa. Pa chojambula cha galimotoyo amaika zilembo, A pamene pakalika, U pamene paphwanyika, XX pamene chitsulo chidasinthidwa. Pepalalo limalembedwa m'Chijapani, ndipo pali ena amene amalisintha pa kompyuta R n'kusanduka 4. Pemphani nambala ya chasisi musanalipire kalikonse, muifananize pa pepalalo, pa invoisi, ndi pa chikalata chotulutsira galimoto m'dziko la Japan. Chikalata chimenechi chimaonetsanso makilomita amene adalembedwa pamene galimotoyo inkayesedwa ndi boma kumeneko, ndipo ngati mita ikuonetsa ochepa kuposa amenewo, wina adaibweza m'mbuyo. Chikomekome cha mkuyu, akuluakulu, m'kati muli nyerere.

Pali kuba kwina kumene timadzibera tokha, kosawerengera. Mtengo umene mukuona pa kompyuta nthawi zambiri ndi wa galimoto ili pa doko ku Japan. Onjezerani sitima mpaka ku Dar es Salaam, zolipira pa doko, wochotsa katundu, dalaivala ndi mafuta kufika pa Songwe, kenako msonkho wa MRA umene umatsata kukula kwa injini ndi zaka za galimoto. Zonsezi zimayendera dola. Mu November 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene galimoto zawo zidali panyanja adapeza kuti ndalama imene adasungira msonkho yachepa. Galimoto ikakhalitsa pa doko imalipitsidwa tsiku ndi tsiku, ndipo katundu wosaomboledwa mathero ake amagulitsidwa pa okushoni ina, ya akasitomu, mwini wake akuonerera.

Wina afunsa kuti nanga lamulo lili kuti. Lilipo: dziko lino lidakhazikitsa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security mu 2016, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limamva madandaulo a ogula. Wakuba akakhala wa ku Ndirande kapena ku Area 25, apolisi akhoza kumupeza. Akakhala kutsidya la nyanja, dzanja la boma lathu silifikako msanga. Komabe kanenezeni, ndipo ku banki pitani tsiku lomwelo, chifukwa ndalama yotumizidwa kunja nthawi zina imaimitsidwa ikadali m'njira. Ife amene tidakulira m'nthawi imene munthu akalakwiridwa amangoti zii kuopa kufunsidwa mafunso, chizolowezi chimenecho chikadatitsatabe, ndipo pano chaphatikana ndi manyazi. Bambo wolemekezeka safuna kuti kumpingo adziwe kuti adatumiza mamiliyoni kwa munthu wa pa chithunzi, ndiye amakhala chete, nambala yomweyo n'kubera anthu ena asanu a mumpingo womwewo.

Ndaona a Wapampando akuyang'ana wotchi. Ndabweretsa mapepala atatu a oyendera galimoto, limodzi mwa iwo ndi losinthidwa. Ali pa tebulo kumbuyoko, ndipo nthawi ya tiyi ndikhala pomwepo kuti tiwaonere limodzi.