Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potsegulira Maphunziro Obwereza a Ophunzira Unamwino ku Cuamba

 Ndathokoza kuti mwandikumbukira ngakhale ndinapuma pa ntchito ya uzamba kalekale. Ndilankhula m'Chinyanja kuti makolo akhala kumbuyoko atsatire nawo. A Chiyao ndi a Chimakua mundikhululukire, amene mwayandikana nawo azikunong'onezani.

Ana anga amene mwabwerera m'kalasi, aliyense wa inu ali ndi chake chimene chinamuchotsa pa sukulu. Wina anaima, wina ndalama inasowa chaka chimene thonje ndi fodya zinagulidwa motchipa, wina anakadwazika mayi ake, wina mayeso a m'wodi anamukanika. Sindifunsa kuti ndani anachoka chifukwa chanji. Dera lino kubwerera limakudziwa. Pa nthawi ya nkhondo anthu a dziko lino oposa miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ndipo mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okotobala 1992 anayamba kubwerera, ena kudzera pa Chiponde, ena pa Nayuchi. Anapeza zipatala zambiri za m'midzi zili mabwinja. Anamwino a nthawi imeneyo anayambiranso ntchito pansi pa mitengo, ena atatha zaka osagwira jakisoni. Tsono wina asakuchititseni manyazi kuti anzanu amene munayamba nawo ali kale pa malipiro.

Nkhani imene ndabwera nayo ndi imodzi. Ambiri a inu mukuopa zimene munaiwala. Zimenezo sizindidetsa nkhawa kwenikweni, pakuti woiwala amadziwa kuti waiwala, amatsegula buku kapena kufunsa mnzake. Chimene chimandisowetsa tulo ndi zija mukuzikumbukira bwinobwino, manja anu anazizolowera, koma zinasinthidwa inu muli kumudzi. Zimenezo munthu amachita molimba mtima, osafunsa aliyense, ndipo wodwala amene wagona pabedi alibe njira yodziwira kuti namwino wakeyo akutsata malangizo amene anatha ntchito.

Tiyambe ndi malungo, poti ndiwo adzakulandireni pakhomo m'mawa uliwonse, makamaka mvula ikagwa, madambo a ku Amaramba ndi ku Chiuta atasefukira. Ife akale tinaphunzira kuti thupi likatentha ndi malungo basi, timwetse chloroquine. Tizilombo tinayamba kupirira mankhwalawo. Anzathu a ku Malawi anawasiya mu 1993 n'kutenga Fansida, nafe tinasintha pambuyo pake, mpaka tinafika pa Coartem amene tikupereka lero. Masiku ano sitipereka mankhwala a malungo tisanabaye chala n'kuyeza magazi, ndipo kachipangizo kakakana, timafufuza chibayo, khutu, mkodzo ndi zina zimene zimatenthetsa thupi.

Pa malungo aakulu, a mwana amene wakomoka kapena akulephera kuyamwa, tinkadalira kwinini wa mu dripi, wodontha kwa maola anayi, ife tili pambali kuopa kuti shuga angatsike. Mu 2010 zotsatira za kafukufuku wamkulu zinatuluka. Anachitika m'maiko 9 a mu Africa, kuphatikizapo chipatala cha ku Beira, pa ana oposa 5,000, ndipo anaonetsa kuti jakisoni wa artesunate amachepetsa imfa ndi gawo loposa limodzi mwa magawo asanu poyerekeza ndi kwinini. Bungwe la WHO linasintha malangizo ake mu 2011. Ena a inu mukuti, zimenezo timazidziwa, mamiligalamu 2.4 pa kilogalamu iliyonse. Inde, koma kuyambira 2015 mwana wosakwana makilogalamu 20 amalandira mamiligalamu 3 pa kilogalamu, chifukwa thupi la mwana wamng'ono limachotsa mankhwalawa msanga. Mwaona mmene chinthu chimene ukuchikumbukira bwino chimakusocheretsera?

Ndipo apa ndiime pang'ono pa masamu, poti ndi amene ophunzira obwerera amawazemba kwambiri. Mwana walemera makilogalamu 10, ndiye kuti afunika mamiligalamu 30. Kabotolo ka mamiligalamu 60 mukakasungunula ndi mililita imodzi ya bicarbonate, n'kuonjezera mamililita 5 a saline, mililita iliyonse ikhala ndi mamiligalamu 10. Mwanayo alandira mamililita 3 mumtsempha, kenaka pakatha maola 12, kenakanso pa maola 24. Masamu ake ndi a ku pulayimale. Koma achiteni pakati pa usiku, nyali ili ya pa foni, mayi akulira, agogo akukukokani malaya. Ndikupempha aphunzitsi kuti pa masamu a mankhwala musamvere chisoni wina aliyense. Wophonya abwereze mpaka akhoze zonse, chifukwa kadontho kakakhala pamalo polakwika, mankhwala amachuluka kakhumi.

Tilowe m'chipinda chochilira, kumene ine ndinakalambira. Chimene chimapha amayi ambiri pobereka ndi kutaya magazi, ndipo chimapha mofulumira, mwina m'maola awiri okha. Mayi amene wayamba kutaya magazi pa kachipatala ka kufupi ndi nyanja sangadikire kuti ambulansi ichoke ku Mandimba, idutse matope a mu Febuluwale, imutenge n'kukafika naye kuno ku Cuamba kumene kuli opaleshoni ndi magazi. Moyo wake uli m'manja mwa namwino amene ali naye m'chipindamo. Jakisoni wa oxytocin pasanathe mphindi imodzi mwana atabadwa, ameneyo mukumukumbukira. Kodi mukukumbukiranso kuti oxytocin amatha mphamvu akakhalitsa potentha, moti wosungidwa pa shelefu mwezi wa Okotobala sangadaliridwe? Kusisita chiberekero, kuona ngati nsengwa yatuluka yonse, kufufuza pamene pang'ambika, kuika dripi msanga mitsempha isanabisale, zonsezi muzibwereze. Koma palinso zimene ena a inu simunazimvepo m'kalasi. Mu 2017 kafukufuku wina wamkulu anaonetsa kuti tranexamic acid amapulumutsa amayi otaya magazi akaperekedwa pasanathe maola atatu chibadwire mwana, ndipo akachedwa kuposa apo sathandiza. Mu 2023 wina wochitikira ku Kenya, Nigeria, South Africa ndi Tanzania anatsimikiza chimene azamba akale tinkachikayikira, chakuti diso limanama poyeza magazi. Timati ndi ochepa pamene apitirira kale theka la lita. Pamene pali pepala la pulasitiki loyezera, ligwiritseni ntchito. Pamene palibe, werengani zitenje zimene zanyowa, yezani kugunda kwa mtima ndi kuthamanga kwa magazi pafupipafupi, ndipo musadikire kuti mayi ayambe kuona chidima.

Mayi woyembekezera amene magazi ake akuthamanga kwambiri, mutu ukumupweteka, maso sakuona bwino, kapena wagwa ngati wa khunyu, mankhwala ake ndi magnesium sulphate. Anamwino ambiri amawaopa mankhwalawa, amatumiza mayi ku chipatala chachikulu asanamubaye, mayiyo n'kukakomokera m'njira. Mantha amenewo amatha ndi kudziwa: mlingo woyamba, kuwerenga mpweya, kugogoda bondo, kuyeza mkodzo, ndi kukhala ndi calcium gluconate pafupi. Musatuluke m'maphunziro ano mukuwaopabe.

Za khanda ndiye zasintha kwambiri. Kale mwana akabadwa osalira tinkamugwira miyendo mutu pansi, kumumenya kumatako, kumupopa m'mphuno ndi m'kamwa aliyense, kudula mchombo nthawi yomweyo, n'kumusambitsa. Pafupifupi zonsezo zinaletsedwa. Lero timamupukuta bwinobwino, ndipo ngati sakupuma timayamba kumupumitsa ndi kachikwama kopopera mpweya mphindi imodzi isanathe. Wopuma bwino timamugoneka pachifuwa pa mayi ake, mchombo timadikira mphindi imodzi kapena zitatu tisanadule, kusamba mawa. Pa mchombo sipapakidwa phulusa, mafuta kapena mankhwala a kumudzi, ndipo zimenezi muyenera kuwauza agogo mwaulemu, poti ndi iwo amasamala khanda m'chikuta inu mulibe. Mwana wobadwa masiku osakwana tinkadikira kuti alimbe kaye asanayambe kangaru, kuja komusunga pachifuwa pa mayi ake. Kafukufuku amene chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chinatenga nawo mbali anaonetsa mu 2021 kuti kuyamba kangaru msangamsanga kumapulumutsa ana ambiri, ndipo WHO inasintha malangizo mu 2022.

Mukaona zidole zili m'chipinda chophunziriramo musazinyoze kuti ife tinagwirapo kale anthu enieni. Kupumitsa khanda kumalephereka pa zinthu zazing'ono: kachigoba sikanagwire bwino pankhope, khosi lapindika, mpweya ukuthawira m'mbali. Zimenezi zimakonzedwa pa chidole, mobwerezabwereza, mnzako akukuyang'ana ndi wotchi m'manja.

Za HIV ndingodutsamo. Amene munasiya sukulu tikadadikira kuti chitetezo chitsike tisanayambitse munthu mankhwala, dziwani kuti kuyambira 2013 mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi kachilombo amayamba ma ARV a moyo wonse, kuyambira 2016 dziko linayamba kuyambitsa aliyense wopezeka nako, ndipo mankhwala enieniwo anasintha pamene dolutegravir anafika. Muwerengenso bwino.

Kolera mukumudziwa, sindikufunika kukuopsezani. Mliri umene unavuta dziko lino unayambira m'chigawo chathu chomwe chino, m'boma la Lago, mu Seputembala 2022, pamene kutsidya kwa malire unali utayamba kale ku Machinga mu Malichi chaka chomwecho. Wodwala kolera amafa ndi kutha kwa madzi m'thupi, ndipo amachira ndi zinthu zotsika mtengo: paketi ya mchere ndi shuga mu lita imodzi ya madzi abwino, dripi ya Ringer kwa amene watheratu, ndi zinc kwa ana. Luso lagona pa kuzindikira msanga kuti uyu angathe kumwa, uyu afunika dripi, ndiponso pa kupeza mtsempha wa munthu amene khungu lake lafota. Musaiwale kuti m'madera ena a kumpoto kuno ogwira ntchito zaumoyo anamenyedwa chifukwa cha mphekesera zakuti ndiwo akubweretsa kolera. Mafumu muli pano, tithandizeni, pakuti namwino amene mfumu yamulandira pamaso pa anthu ake amagwira ntchito mopanda mantha.

Maphunziro anu ali m'Chipwitikizi, koma odwala anu adzalankhula Chiyao, Chimakua ndi Chinyanja. Msodzi wa ku Amaramba amene akukodza magazi sadzanena dzina la m'buku la likodzo, ndipo mwina sadzalitchula n'komwe chifukwa kwawo amaliona ngati chinthu cha masiku onse. Ku Mandimba mudzalandira anthu onyamula kabuku ka chipatala ka ku Malawi, kolembedwa m'Chingelezi, akunena kuti anamwa LA dzulo ku Chiponde. Mukapanda kudziwa kuti LA ndi Coartem yemweyo, mudzamuyambitsanso mankhwala amene ali nawo kale m'thumba. Funsani, muone mapaketi ndi maso anu. Ndipo polankhula ndi mayi amene matenda amugwira, tsitsani mawu. Mayi amene tamukalipira kapena kumupempha kangachepe chaka chino, mimba yotsatira amakachilira kunyumba, ndipo akauza anzake khumi ku chitsime.

Tsopano ndilankhule ndi inu akuluakulu a zaumoyo. Dziko lino litalandira ufulu mu 1975, madokotala ambiri anachoka, otsala sanakwane 100. Boma linasankha kudalira anthu amene linali nawo. Mu 1978 linayamba kuphunzitsa othandiza zaumoyo a m'midzi otchedwa ma APE, ndipo mu 1984 linayamba kuphunzitsa ogwira ntchito zachipatala osakhala madokotala kuchita opaleshoni, amene mpaka lero ndiwo amang'amba amayi ambiri m'zipatala za m'maboma. Zinatheka chifukwa anthuwo ankaphunzitsidwa mozama ndi kuyenderedwa. Ana awa musawapatse pepala lero, mawa n'kuwaponya okhaokha ku kachipatala ka kutali kwa Massangulo kopanda wowaonetsa njira. Ayambe agwira ntchito pambali pa namwino wozolowera kwa miyezi ingapo. Muziwayendera, ndipo popita muzinyamula magolovesi, makanyula ndi mafuta a njinga yamoto, osati mafomu okha. Namwino amene waphunzira za tranexamic acid koma m'kabati mulibe, taphunzitsa munthu woti azingoyang'ana mayi akufa akudziwa chimene chikanamupulumutsa. Muwathandizenso kulembetsa ku Ordem dos Enfermeiros, bungwe limene lamulo la 2016 linakhazikitsa, kuti asadzavutike ndi mapepala atamaliza.

Aphunzitsi, pakati pa ophunzirawa pali amayi a ana atatu, pali ena amene akukuposani zaka. Wina akafunsa funso looneka lopepuka, musamuseketse anzake. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo m'ntchito yathu ino phulalo amadya ndi wodwala. Inunso amuna ndi apongozi amene mwabwera, miyezi ikubwerayi nsima idzachedwa, ana adzafuna wowasambitsa, kumunda kudzasowa munthu mmodzi. Mwalola kale kuti abwere, musadzawaitanitse pakati pa maphunziro chifukwa cha zokolola.

Ana anga, ndamva kuti sabata yoyamba muyamba ndi mayeso oona pamene aliyense ali. Musabere, musabise. Amene adzalembe zimene anaphunzira kale, zija zinasinthidwa, ndiye adzathandize aphunzitsi kudziwa poyambira.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti maphunziro obwerezawa atsegulidwa.