Kodi Mwana Wanga Adzaitanidwa ku Sukulu ya Udotolo?

Mau awa ndi anu, inu a ku Malawi, a ku Zambia ndi a ku Zimbabwe, makamaka inu abale athu olankhula Cinyanja amene mukhala ku Madziwa ndi m'makomboni ena a kufupi ndi Shamva ndi Bindura. Madzulo ano tikambirane funso limene makolo ambiri amafunsa mwana wao akayamba kuonetsa nzeru pa sukulu. Funso lace ndi ili: "Mwanayu afuna kudzakhala dotolo, kodi akapempha malo, akuru a sukulu ya udotolo adzamuitana kuti akaonane naye, kapena kalata yace idzangotayika pakati pa makalata a anzace?" Yankho langa ndi lakuti kuitanidwako sikugwa ngati mvula pa tsiku limene mwana atumiza kalata yace ai. Kumakonzedwa zaka zinai kapena zisanu tsikulo lisanafike, ndipo mbali yaikuru ya kukonzako iri m'manja mwa inu makolo.

Ndachula Madziwa cifukwa nkhani ya malowa ndiyo nkhani ya mabanja ambiri. Agogo anu anacoka ku Dedza, ku Ntcheu, ku Chipata ndi ku Tete, ena pa ulendo wa Mthandizi, ena ndi miyendo yao, kudzagwira nchito m'mafamu ndi m'migodi. Ku Madziwa anthu anakumba mwala wa nickel kufikira mgodi unatsekedwa ca m'ma 2000, ndipo tsopano pamalo pomwepo pali sukulu yophunzitsa aphunzitsi. Mwana wobadwira kumeneko adziwa kale kuti mgodi umatha. Cifukwa cace nkoyenera kuti afune nchito yosatha, ndipo nkoyeneranso kuti timuuze zoona za njira yace.

Poyamba tikumbukire m'mene khomo limeneli linatalikira kale. Dotolo woyamba wa ku Malawi, Daniel Malekebu wa ku Chiradzulu, anaoloka nyanja kukaphunzira ku Meharry Medical College ku America, natsiriza m'caka ca 1917. Hastings Kamuzu Banda anacoka kwao ku Kasungu ali mnyamata, nagwira nchito yonyozeka pa cipatala ca ku Hartley, kumene lero tikuti Chegutu, napitirira ku migodi ya ku Joni. Anatsiriza ku Meharry komweko mu 1937, naonjezera maphunziro ku Edinburgh kufikira 1941. Samuel Parirenyatwa, dotolo woyamba wacikuda wa dziko la Zimbabwe, amene dzina lace liri pa cipatala cacikuru ca ku Harare, anakaphunzira ku Johannesburg natsiriza mu 1957. Onsewa anapita kutali cifukwa kwao kunalibe sukulu yotere.

Sukulu yoyamba ya udotolo m'maiko athu atatu inatsegulidwa ku Salisbury, ndiye Harare wa lero, mu 1963, caka comwe cigwirizano ca Rhodesia ndi Nyasaland cinatha, ndipo poyamba inali pansi pa University of Birmingham ya ku England. Ku Lusaka sukulu ya udotolo inakhazikitsidwa mu 1966. Ku Malawi ana anali kutumizidwa kunja kufikira 1991, pamene College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre; sukuluyo inalowa mu Kamuzu University of Health Sciences mu 2021. Pambuyo pace zatsegulidwanso zina, monga ku Bulawayo, ku Gweru ndi ku Ndola.

Tsono wina angafunse kuti, "Ngati sukulu zacuruka cotere, bwanji malo ali ocepabe?" Cifukwa cace ndi ici: dotolo saphunzira m'kalasi mokha monga aphunzira wa mbiri yakale kapena wa malamulo. Amaphunzira ataimirira pambali pa kama wa wodwala, dotolo wamkuru alikumuyang'anira. Pa kama mmodzi sipangaime ophunzira makumi asanu, ndipo madotolo odziwa kuphunzitsa ndi owerengeka. Comweco opempha malo amaposa malo amene alipo caka ndi caka, ndipo akuru a sukulu ayenera kupeta monga mai apeta mphale, kucotsa ambiri asanaone nkomwe nkhope zao. M'maiko athu cinthu cacikuru cimene cimaweruza ndico mayeso. Sukulu zina zimaitana ophunzira kuti ziwaone ndi kuwafunsa mafunso, zina zimasankha pa pepala pokha. Koma konse konse mwana amayamba wadutsa makomo atatu.

Khomo loyamba ndilo la maphunziro amene mwana anasankha. Ku Zimbabwe mwana alemba mayeso a O Level pa Fomu 4, ndi a A Level pa Fomu 6. Wofuna udotolo ayenera kukhala ndi Chemistry pa A Level, pamodzi ndi maphunziro ena awiri ocokera mwa Biology, Physics ndi masamu. Pa phunziro liri lonse A ali ndi mapointi 5, B ali ndi 4, C ali ndi 3, kotero kuti wopambana zonse zitatu ali ndi 15. Ndipo kawiri kawiri malo a udotolo amadzaza ndi ana a mapointi 15 kapena oyandikira pamenepo. Koma cherani khutu apa, pakuti ndipo pamene ana ambiri a m'makomboni ndi a m'midzi amagwera. Mwana sangatenge Chemistry pa Fomu 5 ngati sanaikidwe m'kalasi ya sayansi pa Fomu 3. Ndipo sangaphunzire Chemistry bwino pa sukulu yopanda cipinda coyeseramo mankhwala, ngakhale akhale wanzeru cotani. Taonani tsono, mlandu wa mnyamata wa zaka 19 unagamulidwa ali ndi zaka 15, pa tsiku limene atate wace anali ku nchito osadziwa kuti ku sukulu kulikugawidwa makalasi. Akuru anati m'mera mpoyamba. Inu abambo ndi amai, mwana wanu akafika pa Fomu 2, pitani kwa mphunzitsi wamkuru, mumfunse kuti, "Kodi pano muphunzitsa Chemistry, Physics ndi Biology padera padera? Kodi ana a pano amapita kuti pa A Level?" Ngati yankho silikukondweretsani, nthawi yofunira mwana sukulu ina ndi yomweyo.

Inu a ku Malawi ndi ku Zambia, kuwerenga kwanu kwa mapointi nkotembenuka, ndipo abale akamalemberana makalata amasokonezeka napo. Pa mayeso a MSCE ku Malawi, ndi a Grade 12 ku Zambia, 1 ndiye wopambana, ndipo mwana wa mapointi 6 pa maphunziro asanu ndi limodzi ndiye wafika pamwamba. Ku Malawi opempha malo m'sukulu zazikuru za boma amadzera ku National Council for Higher Education, ndipo wosankhidwa ocokera ku MSCE amayamba ndi caka cokonzekera asanalowe udotolo weni weni. Ku University of Zambia mwana amayamba ku School of Natural Sciences, ndipo kusankha kwa udotolo kumacitika atalemba mayeso a kumeneko. Cotero wakupumula cifukwa walowa pa cipata ca univesiti angathe kutaya malo ace m'caka coyamba comweco.

Khomo laciwiri ndilo la makalata a boma, ndipo likhudza kwambiri inu a ku Madziwa. Lamulo la unzika limene linasinthidwa ku Zimbabwe mu 2001 linasiya anthu ambiri obadwira m'dzikomo, amene makolo ao anacokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique, alikuwerengedwa ngati alendo. Malamulo akuru a dziko a 2013 anakonza zimenezi: munthu amene anabadwira m'Zimbabwe malamulowo asanayambe, kholo lace liri nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, ndipo iye akhala m'Zimbabwe momwemo, ali nzika mwa kubadwa. Koma lamulo liri m'buku, ndipo citupa sicidza cokha pakhomo. Alipo agogo amene alibe citupa, ana ao alibe kalata ya kubadwa, ndipo adzukulu alibenso. Kalata ya kubadwa imafunidwa polembetsa mayeso, popempha malo, ndi popempha cithandizo ca ndalama. Ndipo wowerengedwa mlendo amalipira fizi ya alendo, imene iri yokwera. Musadikire Fomu 6. Pitani ku ofesi ya kalembera wa boma ku Shamva kapena ku Bindura mwana akali ku pulaimale, ndipo muonetsetse kuti dzina lalembedwa mofanana pa makalata onse. Dzina likalembedwa Phiri pa kalata imodzi ndi Piri pa inzace, kalaliki wa ku univesiti sadziwa kuti munthuyo ndi mmodzi.

Khomo lacitatu ndilo kalata yopempha malo. Apa mau ndi ocepa. Dziwani tsiku lotsekera, mutumize lisanafike. Lembani zoona zokha zokha. Ndipo musaike ciyembekezo conse pa sukulu imodzi. Wokana kupempha ku Gweru kapena ku Bulawayo cifukwa mtima wace uli ku Harare wadzicepetsera yekha mwai wace.

Tsopano tinene za kuitanidwa kweni kweni. Dziko limene mwambo umenewu uli wolimba ndilo Britain, kumene abale athu ambiri anapita kukagwira nchito m'zipatala, ndipo ana ao alikupempha malo komweko. Kumeneko wopempha amadzera ku bungwe la UCAS, saloledwa kusankha sukulu za udotolo zoposa zinai, ndipo makalata amatsekedwa pakati pa mwezi wa October. Sukulu zambiri zimafunanso mayeso ena apadera ochedwa UCAT, ndipo zimayala opempha pa mndandanda monga mwa mayesowo, nkuitana a pamwamba okha. Kwa wocokera kunja malo ndi ocepa ndithu, ndipo fizi yace banja la pa mgodi silingaikwanitse popanda womlipirira. Woitanidwa kawiri kawiri sakhala pamaso pa gulu limodzi la akuru ai. Amayenda m'tizipinda tingapo, mphindi zowerengeka m'kacipinda kali konse, monga mwa njira imene inayambira ku McMaster University ku Canada. M'kamodzi amfunsa cifukwa cace afuna udotolo. M'kena ampatsa munthu wodziyesa wodwala wamantha kuti amtonthoze. M'kenanso amfunsa cimene angacite ataona mnzace alikubisa colakwa.

Mafunso oterewa, kaya afunsidwa ku London kaya kuno kwathu, safuna kuyesa Chemistry, pakuti pepala linayankha kale zimenezo. Afuna kuona ngati mwanayo adziwa kumvera munthu, kunena zoona, ndi kuganiza asanayankhe. Pamenepa mwana wa ku komboni asadziyese wopanda kanthu. Msungwana amene anasamala agogo ace odwala cifuwa ca ku mgodi, nawaperekeza ku cipatala, nawakumbutsa za mankhwala tsiku ndi tsiku, adziwa za matenda zimene mwana wa m'nyumba yabwino sanazione. Cimene cimasowa ana athu ndico kulimba mtima polankhula ndi akuru. Tinawalera kuti ayang'ane pansi ndi kuyankha motsitsa mau, ndipo ulemu umenewo ndi wabwino. Koma wofunsa wosadziwa mwambo wathu angauyese mantha kapena umbuli. Inu aphunzitsi, khalani nao pansi ana otere, muziwafunsa mafunso m'Cingerezi, azolowere kuyang'ana wofunsa ndi kufotokoza maganizo ao momveka.

Ndikucenjezeninso za anthu onyenga. Nyengo ya kusankha ikafika amauka anthu onena kuti adziwana ndi akuru a ku univesiti, ndi kuti mukawapatsa ndalama dzina la mwana wanu lidzakwera pa mndandanda. Banja ligulitsa ng'ombe, ndalama zipita, ndipo munthuyo saonekanso. Ngati simumvetsa kanthu, funsani mphunzitsi wamkuru kapena lemberani ofesi ya sukuluyo. Safunsa anadya phula.

Nanga mwana akapanda kuitanidwa? Musamtonze, pakuti ambiri osiyidwa akadakhala madotolo abwino malo akadakwanira. Ena amabwereza mayeso napambana caka cotsatira. Ndipo cipatala siciyenda ndi dotolo yekha. Ku Malawi ndi ku Zambia odwala ambiri a m'midzi amaonedwa ndi ma clinical officer, amene ambiri a iwo anaphunzira ku Malawi College of Health Sciences ndi ku Chainama ku Lusaka, ndipo ena a iwo amacita ngakhale opareshoni yocotsa mwana m'mimba. Aliponso anamwino, azamba, osakaniza mankhwala ndi oyeza magazi. Zonsezi ndi nchito zaulemu, ndipo zonse zifuna maphunziro a sayansi omwe aja ndi makalata a boma omwe aja. Cotero kholo limene linakonza makomo awiri oyamba silinataye kanthu.

Tsono, abale, mawa kukaca yambani ndi zinthu ziwiri. Tsegulani bokosi muone ngati mwana ali yense ali ndi kalata yace ya kubadwa, dzina lolembedwa bwino. Ndipo funsani mwana wanu wa ku sekondale maphunziro amene alikutenga, muwalembe pa pepala, mupite nalo kwa mphunzitsi wace. Malekebu anaoloka nyanja kufunafuna sukulu imene lero iri ulendo wa tsiku limodzi pa basi kucokera ku Madziwa.