Mau Ataliatali a Chingerezi: Yambani Mwayang'ana Kumutu

 Madzulo ano sindikamba za mizere kapena za manyowa ai. Ndifuna tikambirane za mau ataliatali a Chingerezi amene timawaona pa mabotolo a mankhwala ndi kuwamva pa misonkhano. Ambiri akakumana ndi mau otere amangovomera, napita kukapopera mongoganizira. Chotero ndalama zimatayika, ndipo nthawi zina munda wonse umapserera.

Mau aatali a Chingerezi ali ngati nsomba: ali ndi mutu ndi thupi. Thupi limatchula chinthucho, koma mutu ndiwo umanena kuti chichitike liti, kapena mwa njira yotani. Izi si zachilendo kwa ife. Timati mtengo, kamtengo, chimtengo. Thupi ndi lomwelo, koma mutu wasintha zonse. Tsono mverani mitu isanu ndi umodzi imene mlimi aliyense ayenera kuidziwa.

Iwiri yoyamba ndi "pre" ndi "post". "Pre" ndiye kuti chisanachitike, "post" ndiye kuti chitachitika. Pa botolo la mankhwala opha udzu mukaona "pre-emergence", amenewo ngopopera udzu usanamere, mutangobzala, nthaka ili yonyowa. Mukaona "post-emergence", ngopopera udzu utamera kale. Munthu wopopera oyamba aja pa udzu wofika m'maondo wangotaya ndalama zake. Inu olima matimati ndi ndiwo zamasamba m'madimba, funani mau akuti "pre-harvest interval". Amenewa ndiwo masiku oyenera kudikira kuchokera tsiku lopopera kufikira tsiku lothyola. Wothyola masikuwo asanakwane amadyetsa poizoni ana ake omwe pamodzi ndi anthu ogula pamsika.

Wachitatu ndi "non", ndiye kuti ai. "Select" ndi kusankha. Chotero mankhwala olembedwa "non-selective" sasankha. Glyphosate ali m'gulu limeneli. Iye sadziwa kuti uyu ndi udzu, ichi ndi chimanga, uyu ndi nandolo. Chilichonse chobiriwira chimene wachigwera chimauma. Timalemba atatu tokha, koma tingathe kugoneka banja ndi njala chaka chathunthu.

Wachinayi ndi wachisanu ndi "de" ndi "re". "De" amachotsa, monga momwe ife timanenera kutseka ndi kutsekula; kusiyana kwake nkwakuti ife timasintha kumchira, Angerezi kumutu. "Re" ali ngati "nso" wathu wa kubzalanso ndi kumanganso. "Forest" ndi nkhalango. Tsono "deforestation" ndi kutha kwa nkhalango, "reforestation" ndi kubwezeretsa nkhalango. Mau awiriwa amamveka ngati mapasa, koma limodzi ndi matenda, linzake ndi mankhwala. Nonse mukudziwa momwe mitengo yachepera ku Phirilongwe ndi ku Namizimu chifukwa cha makala, kuotcha njerwa ndi nkhuni zowambira nsomba. Phiri likakhala pambalambanda, mvula imakokolola nthaka ya m'minda, ndipo matope ake amakakwirira mchenga umene chambo chimakonzapo zisa zake. Chotero nkhwangwa ya kumtunda imapha nsomba za kunyanja.

Wachisanu ndi chimodzi ndi "over", ndiye kuti mopitirira muyeso. "Overgrazing" ndi kudyetsa ziweto pamalo amodzi mpaka nthaka kuyera. "Overdose" ndi kuchulutsa mankhwala. "Overfishing" ndi kupha nsomba mopyola momwe zimaswanirana. Liwu limeneli anthu a ku Malombe analiona ndi maso. M'chaka cha 1982 chambo chophedwa m'nyanjayi chinapitirira matani 8,000. Pofika 1992 sichinakwane ngakhale matani 1,000. Makoka a maso ang'onoang'ono ankakokera pamodzi kasawala ndi chambo chachikazi chimene chimasunga ana ake m'kamwa. Nchifukwa chake mu 1993 Boma linayamba kugwira ntchito pamodzi ndi asodzi eni ake, nakhazikitsa makomiti a m'madooko ku Malombe ndi kumtunda kwa mtsinje wa Shire. Zindikirani kuti "fishing" si mlandu. Ndi ntchito imene makolo athu anatisiyira. Mlandu uli pa "over". Wolankhula liwuli pamsonkhano sakukuletsani usodzi, koma akupempha muyeso, kuti nthawi yotseka nyanja ilemekezedwe ndi kuti ana a nsomba asiyidwe akule.

Koma ndikuchenjezeni za msampha umodzi. Mutu wa "in" kawirikawiri umakana: "complete" ndi chokwanira, "incomplete" ndi chosakwanira. Munthu angaganize tsono kuti "inflammable" ndi chinthu chosayaka moto. Iyayi ndithu! Liwu limeneli litanthauza chinthu chosachedwa kuyaka. Inu a mabwato a injini, mukaliona pa chigubu cha petulo, musachiyandikize ku nyali kapena ku ndudu.

Pempho langa nali. Musanatsekule botolo lililonse, gawani liwu lalitalilo pawiri, nimuyang'ane mutu wake. Ngati simuwerenga Chingerezi, itanani mwana wa sukulu akuwerengereni, kapena bwerani nalo botololo kwa mlangizi wa m'dera lanu. Palibe manyazi pamenepa. Akuluakulu anati kufunsa ndi kudziwa njira. Mafumu ndi atsogoleri a makalabu, lembani mitu imeneyi pa pepala, nimuiwerengere anthu anu pamsonkhano, m'Chichewa ndi m'Chiyao momwe, nyengo yobzala isanafike.