Masiku Aŵiri ku Edinburgh M'nyengo Yachisanu

(Mau amene analankhula mmodzi wa amai a Umanyano pa chikondwerero chathu ku Limphasa)



Mwandipempha kuti ndifotokozeko za Edinburgh, likulu la dziko la Scotland. Ndinakhalako masiku aŵiri okha mu December 2019, pamene ndinali kucheza kwa mwana wanga ku Glasgow. Tinakwera sitima ya pamtunda Loŵeruka m'maŵa, ulendo wosakwana ndi ola lomwe, ndi kubwerera Lamulungu madzulo.

Ife a kunyanja mwera ukangoomba mu June timati tafa. Amai, kuzizira simunakuone! Ndinabvala majuzi aŵiri, chijasi chobwereka, ndi chitenje pamwamba pake, koma mano anali kuguguda ndithu. Dzuŵa limatuluka cha m'ma 9 koloko, ndipo 4 koloko isanakwane kwada kale. Wofuna kuona mzindawu nyengo imeneyi asachedwe ndi tiyi.

Pafupi ndi siteshoni ya Waverley, m'munda wa pa Princes Street, pali chifanizo cha David Livingstone chimene anachiimika mu 1876. Anachiumba ndi munthu wamai, dzina lake Amelia Hill. Mumzinda womwewu ndi m'mene Dr James Stewart anaimirira pa msonkhano waukulu wa Free Church mu 1874, napempha kuti atumize mishoni ku nyanja yathu ino. Sitima ya Ilala inaloŵa m'nyanja mu 1875, ndipo mu 1881 Dr Robert Laws anasamutsa mishoni kuchoka ku Cape Maclear kudza ku Bandawe, pakhomo pathu pomwepa. A Laws timawatchula kaŵirikaŵiri, koma akazi awo, Mai Margaret Laws, timangowadumpha. Ana awo anamwalira motsatizana ali akhanda, natsala mmodzi yekha, Amelia Nyasa. Inu amene munaikapo mwana m'manda mukudziŵa chimene ndikunena.

Tsono tinakwera ku linga la mafumu, limene lakhala pamwamba pa thanthwe pakati pa mzinda. Kumeneko amaomba mzinga nthaŵi ya 1 koloko masana pafupifupi masiku onse kupatula Lamulungu, ndipo alendo amathamangira zimenezo. Ine chimene chinandigwira mtima ndi kanyumba kopemphereramo ka St Margaret, nyumba yakale koposa zonse mu Edinburgh. Mfumu David woyamba anakamanga cha m'ma 1130 pokumbukira amai ake, Mfumukazi Margaret, amene anamwalira mu 1093 ndipo anadziŵika ndi kudyetsa ana amasiye ndi osauka. Ndi kakang'ono zedi: anthu 20 akaloŵa kadzaza, moti ife a Umanyano tikadatsala panja ambiri. Panali nthaŵi imene kanaiŵalika, asilikali nkumasungiramo wonga wa mfuti.

M'katimo ndinapeza maluŵa auŵisi patebulo, kunja kulibe mtengo ndi umodzi womwe wa masamba. Ndinafunsa kuti amaika ndani. Pali bungwe la amai limene linayamba mu 1942, ndipo onse a m'bungwemo dzina lawo ndi Margaret. Amasinthana kubweretsa maluŵa chaka chonse. Palibe amawalemba ntchito, ndipo mlendo samawaona nkomwe; amangoona maluŵawo.

Potsika, mungotuluka pa linga, pali tchalitchi lalikulu lakuda, la nsanja yaitali kwambiri. Ndinayamba kukonza duku kuti tiloŵe, koma mwana wanga anati, "Amama, muno sapempheramonso." Mpingo unachoka, ndipo mu 1999 analisandutsa nyumba ya zisangalalo ndi misonkhano, nalitcha The Hub. Sindikuwaweruza eni ake, pakuti nyumba yotere kuisamala ndi ndalama zambiri. Koma ndinaima pamenepo kanthaŵi, manja ali m'khwapa, ndikuyang'ana nsanjayo ndi kuganiza za kanyumba kaja.

Lamulungu tinapemphera ku St Giles', kumene John Knox analalikira zaka za m'ma 1560. Nyimbo zina ndinazizindikira ndi maimbidwe ake, ndipo ndinaimba motsitsa m'Chitonga. Amai amene anakhala pambali panga anamva, natembenuka ndi kumwetulira.

Kuno kwathu, Amai Wapampando, mndandanda wa osesa ndi kukolopa m'tchalitchi watsala ndi maina ochepa, ndipo ndi a amai achikulire okhaokha. Ndikudziŵa kuti mpunga m'dambo sudikira munthu. Komabe Amai Mlembi ali ndi kope pakhomopo, ndipo Loŵeruka lachiŵiri ndi lachinai la mwezi likadali lopanda dzina.