Magome Awiri: Uthenga wa ku Korinto kwa Okhala ku Joni (1 Akorinto 10)

 Lero tafika pa chaputala 10 cha kalata yoyamba ya Paulo kwa Akorinto. Tsegulani Baibulo lanu, ndipo muziyang'ana ndime iliyonse imene ndikutchula, kuti muone nokha ngati zimene ndikunena zilimo.

Tiyambe ndi mzindawo. Korinto unali mzinda wa anthu obwera. Aroma anauwononga m'chaka cha 146 Khristu asanabadwe, ndipo unakhala ngati bwinja kwa zaka pafupifupi 100, kufikira Julius Caesar atalamula kuti umangidwenso m'chaka cha 44 Khristu asanabadwe. Ambiri amene anadzakhalamo anali akapolo omasulidwa, amisiri ndi amalonda, anthu odzafuna ndalama pa mzinda wa madoko awiri. Paulo anakhala kumeneko miyezi 18, ndipo buku la Machitidwe chaputala 18 limatiuza kuti anafikira kwa Akula ndi Priskila, banja limene linachoka ku Roma mfumu Klaudio italamula kuti Ayuda onse atuluke mumzindamo. Anthu othamangitsidwa, osoka mahema m'dziko la eni: amenewo ndiwo anali m'gulu la Akhristu oyamba a ku Korinto.

Mzinda wotere ife timaudziwa. Johannesburg inayamba m'chaka cha 1886 golide atapezeka, ndipo kuyambira kalekale anthu athu akhala akupita kumeneko. Agogo athu anapita pa Wenela, ena pa Theba, ena wapansi. Masiku ano ana awo amakwera basi kudutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge. Ambiri amagwira ntchito m'madera a kumpoto kwa mzindawo, monga Rosebank ndi malo oyandikana nawo: kusamala maluwa, kuphika, kulondera, kuperekera zakudya m'malesitilanti. Mu Rosebank momwemo muli msika wa ziboliboli pafupi ndi Rosebank Mall, kumene amalonda ochokera m'maiko osiyanasiyana a mu Africa amagulitsa zosemasema kwa alendo. Msika umenewu tibwererako, chifukwa Paulo ali ndi mawu okhudza msika.

Funso la Akorinto linali la nyama. Nyama yambiri mumzindamo inkadutsa kaye pa guwa la fano isanafike pa mbale. Pa kachisi wa Asklepios, mulungu wawo wa machiritso, ofukula zakale anapeza zipinda zodyeramo. Munthu akachira, akakwatitsa, akapeza phindu, ankaitanira anzake ku phwando la kukachisi. Kukana kuitanako kunali kutaya mabwenzi, mwinanso kutaya malonda. Tsono Akhristu ena anati: "Ife tinabatizidwa, timadya mgonero, ndipo tikudziwa kuti fano si kanthu. Chingatichitikire n'chiyani?"

Paulo akuwayankha ndi mbiri ya Israeli. M'ndime 1 mpaka 4 mawu akuti "onse" akubwera kasanu. Mtambo unaphimba onse, nyanja anaoloka onse, mana anadya onse, madzi a m'thanthwe anamwa onse. Iwonso anali ndi ubatizo wawo ndi chakudya chawo chopatulika. Koma buku la Numeri limati amuna otha kupita kunkhondo amene anawerengedwa m'chipululu cha Sinai analipo 603,550, ndipo mwa amenewo olowa m'dziko la Kanani anali awiri okha, Yoswa ndi Kalebe. Bwenzi langa, madzi a ubatizo ndi mkate wa mgonero si mphini. Sizitsirika munthu amene mtima wake uli kwina.

Mwa machimo amene Paulo akutchula, ndifuna tikhalitse pa la mwana wa ng'ombe wa golide, limene lili pa Eksodo 32. Tawerenganinso nkhaniyo mofatsa. Anthu aja sanadzuke m'mawa n'kunena kuti atopa ndi Mulungu. Chimene chinachitika n'chakuti Mose anachedwa. Anakhala m'phiri masiku 40, ndipo anthu anatsala m'chipululu, kutali ndi kwawo, opanda wowauza za mawa. Mantha anawagwira, ndipo anafuna chinthu choti achione ndi maso, achikhudze ndi manja, chiwatsogolere. Golide amene anaumbira fanolo anali wa ndolo zawo, ndipo tikudziwa kuti potuluka m'Ejipito Mulungu yemwe ndiye anachititsa Aejipito kuwapatsa zokometsera zasiliva ndi zagolide. Anatenga mphatso ya Mulungu n'kuisandutsa mulungu. Chodabwitsa kwambiri n'chakuti Aroni atamanga guwa patsogolo pa fanolo, analengeza kuti mawa lake kukhala chikondwerero cha Yehova. Dzina la Mulungu woona silinachoke pakamwa pawo. Anangowonjezerapo china, choti chiwathandize Mulungu akachedwa.

Umu ndi mmene kupembedza mafano kumalowera mwa Mkhristu wa ku Joni. Tiyerekeze mnyamata amene wafika, masiku a pa pasipoti atha, ntchito sikupezeka, mwininyumba akufuna lendi, ndipo kumudzi akuimba foni kufunsa za feteleza ndi fizi. Akaona galimoto ya apolisi mtima umagunda, chifukwa akudziwa za ku Lindela, kumene amasunga anthu opanda mapepala asanawabweze kwawo. Wapemphera miyezi itatu, kumwamba kuli zii. Tsono mnzake akumuuza za kanthu komanga m'chiuno koti apolisi asamuone, za mankhwala osamba oti bwana amukonde. Sizisowa zimenezi. Zilipo ku msika wa Faraday pakati pa mzinda, ndipo timapepala ta asing'anga olonjeza mwayi timamatidwa pa mitengo ya magetsi m'misewu yambiri. Mnyamatayo sasiya tchalitchi. Lamulungu amavala jekete, amaimba, amalandira mkate ndi chikho, chithumwa chili m'kati mwa malaya.

Ndisanapitirire ndinene ichi, kuti wina asandimve molakwa. Sindikunena za muzu wochiza m'mimba kapena tsamba la chifuwa. Mulungu ndiye analenga mitengo. Ndikunena za chinthu chimene munthu amachipatsa ntchito ya Mulungu, ntchito yosunga moyo wake ndi kukonza tsogolo lake. Ndipo chinthucho sichisintha chifukwa chagulidwa pakhomo la tchalitchi. Kabotolo ka madzi kapena ka mafuta kamene munthu wagula kwa wodzitcha mneneri, n'kumaopa kutuluka m'nyumba popanda iko, ndi chithumwa chimene chavala dzina lachikhristu. Aroni nayenso anatchula dzina la Yehova.

Machimo enawo tidutsepo mwachangu, ngakhale kuti si aang'ono. Ndime 8 ikukumbutsa za chigololo cha ku Peori pa Numeri 25, chimene chinayamba ndi kuitanidwa ku chakudya cha nsembe. Bambo amene muli ndi mkazi ndi ana ku Mzimba kapena ku Mangochi, koma mwatsegula khomo lina ku Joni, ndimeyo ndi yanu. Ndime 9 ndi 10 zikunena za kuyesa Ambuye ndi kung'ung'udza.

Tsopano tafika pa ndime 13, imene ambiri timaikonda. Ikunena zinthu zitatu: kuti yesero limene lakugwerani ndi lomwe limagwera anthu ena, kuti Mulungu ndi wokhulupirika ndipo amaika malire pa kulemera kwake, ndi kuti pamodzi ndi yeserolo amakonza potulukira. Choyamba chija chimachotsa chonamizira chimene timachikonda kwambiri, chakuti: "Abusa, inu simukudziwa za kuno. Kuno n'kwina." Ayi, mbale wanga. Yosefe anali kapolo m'nyumba ya eni ku Ejipito. Danieli anali wantchito wa boma la eni ku Babulo. Akula ndi Priskila anathamangitsidwa. Mayesero a kuchilendo ndi akale.

Koma taonani mmene ndimeyo ikuthera. Potulukirapo akuperekedwa kuti munthu athe kupirira. Paulo sakulonjeza kuti pepala lituluka sabata ino, kapena kuti ntchito ipezeka mwezi usanathe. Akulonjeza kuti pa tsiku lililonse la kudikira padzakhala njira yoti mudutse osagwadira china. Ndipo ndime 14 ikutchula njirayo mosabisa: kuthawa. Za Satana, Yakobo amati timukanize. Za mafano, Paulo akuti tithawe. Munthu amene amati angopita kukaona, angomva zimene sing'angayo anene, ali ngati amene akuyesa kuya kwa Shire ndi miyendo yonse iwiri.

Chifukwa chake akuchipereka pa ndime 16 mpaka 22, ndipo ndi chifukwa cha pa gome. Ife a kuno sitivutika kumva zimenezi. Kwathu kudyera mbale imodzi si nkhani ya mimba yokha. Amene mwasamba naye m'manja n'kutema naye nsima imodzi, mwavomera kuti ndinu amodzi, ndipo wokana chakudya cha pakhomo panu mumadziwa kuti ali nanu chifukwa. Paulo akuti chikho chimene timadalitsa chimatiyanjanitsa ndi mwazi wa Khristu, ndipo mkate umene timanyema umatiyanjanitsa ndi thupi lake. Pa gome limenelo mwini phwando ndi Yesu. Akuvomereza kuti fano palokha ndi mtengo kapena mwala chabe. Koma akuti kuseri kwa nsembe yoperekedwa kwa fano kuli ziwanda, ndipo wodya pa gome lawo wayanjana nazo. N'chifukwa chake pa ndime 21 sakunena kuti kudya pa magome awiri n'kosayenera chabe, akuti n'kosatheka. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Amene wamanga chithumwa kuti chithandize pamene Khristu angalephere wanena kale mumtima mwake kuti mwazi wa m'chikhomo sukwanira.

Pali chinanso pa ndime 17 chimene sitichilalikira mokwanira. Mkate ndi umodzi, choncho odyawo, ngakhale achuluke, ndi thupi limodzi. M'mwezi wa Meyi 2008 ziwawa zolimbana ndi anthu obwera zinayambira ku Alexandra, makilomita owerengeka kuchokera ku Rosebank, ndipo anthu 62 anaphedwa m'dziko lonselo. Mumzinda umene unaona zotere, gome limene Mzulu, Mshona, Mkongo ndi Mchewa amanyemerana mkate umodzi ndi ulaliki pawokha. Koma gomelo lili ndi ngongole yake. Ngati mnyamata uja ndi chiwalo cha thupi lanu, njala yake ndi yanu. Kawirikawiri potulukira pamene Mulungu analonjeza pa ndime 13 ndi munthu wokhala naye pa benchi imodzi: mayi amene akudziwa nyumba yofuna wantchito, mkulu wampingo amene angamugoneke sabata ziwiri, gulu limene lingasonkhe ya basi kuti abwerere kwawo mwaulemu. Mpingo umene umadzudzula zithumwa koma osafunsa kuti mbaleyo wadya chiyani, ukumukankhira wokha ku Faraday.

Tibwerere tsopano ku msika wa ziboliboli uja. Wina angafunse kuti: "Nanga ine amene ndimasema ndi kugulitsa zigoba ndi tizifanizo ta anthu kwa alendo pa Rosebank, kodi ndikugulitsa mafano?" Paulo, amene waletsa mwamphamvu phwando la kukachisi, pa ndime 25 akumasula nyama ya pamsika: gulani, idyani, musafunsefunse, pakuti dziko ndi zonse zili m'menemo n'za Ambuye. Nyama ikhoza kukhala ya ng'ombe yomweyo. Chosiyana ndi gome limene yaikidwapo ndi amene akulemekezedwa pamenepo. Mwa kuona kwanga, mvuu ya mtengo kapena chigoba chosemedwa kuti chikakongoletse chipinda ku Berlin ndi ntchito ya manja, ndipo Mkhristu angadye phindu lake moyamika. Choopsa pa benchi ya malondayo si chimene chayalidwa pamwamba, koma kanthu kamene kabisidwa pansi kuti kaitane makasitomala.

Komabe ufulu umenewu uli ndi malire, ndipo malire ake ndi mbale wanu. Ndime 28 ndi 29 zikuti wina akakuuzani kuti chakudyachi n'chansembe, muleke chifukwa cha chikumbumtima chake. Pakhoza kukhala mbale amene anakulira kudambwe, amene kwa iye chigoba si chokongoletsa ayi, koma chikumbutso cha zimene anasiya pobwera kwa Khristu. Musamuseke, ndipo musamukakamize kugwira chimene mtima wake ukukana. Iyenso asaweruze inu.

Mwina pamene mukumva mawu awa dzanja lanu lapita m'chiuno kapena m'thumba, ndipo mukuopa kuti mukachotsa chinthucho mudwala kapena mugwidwa. Kalata imene tikuwerengayi Paulo anailembera ku Efeso, ndipo Machitidwe 19 amatiuza zimene zinachitika mumzinda umenewo: anthu amene anali atakhulupirira kale anabwera kudzaulula zimene ankachita, ndipo amatsenga anatentha mabuku awo pamaso pa onse, a mtengo wa ndalama zasiliva 50,000. Sanachite mobisa, ndipo sanachite aliyense payekha. Inunso musalimbane nazo nokha usiku. Pitani kwa abusa anu kapena kwa mkulu wampingo amene mumamukhulupirira, mgonero wotsatira usanafike. Kanthuko mupite nako, ndipo muwauzenso za lendi ndi za mapepala zimene zinakufikitsani pamenepo.

M'phunziro lotsatira tidzalowa m'chaputala 11, kumene Paulo akudzudzula Akorinto chifukwa pa mgonero olemera ankakhuta pamene osauka ankachoka ndi njala.