ULENDO WA PA GALIMOTO M'MBALI MWA NYANJA

Tsopano dzinthu zili m'nkhokwe, ndipo ana anu ena ogwira ntchito ku Lilongwe akutenga tchuthi. Ambiri amasonkherana ndalama za galimoto kuti akaone nyanja. Lero ndifuna tiuyendere pamodzi ulendo umenewu, pakuti muli phunziro lalikulu kwa ife olima.

Tinyamukire pa Mtandire. Tisanakwere, taonani mtsinje wa Lingadzi umene umadutsa pamenepo. Mu February 2017 unasefukira nulowa m'nyumba za anthu, kufikira asilikali anadzapulumutsa ena ndi helikopita. Lingadzi amathira mu Lilongwe, Lilongwe amathira mu Linthipe, ndipo Linthipe amakathira m'nyanja kufupi ndi Salima. Motero madziwa akupita kumene tikupita ifeko.

Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Salima ndi makilomita ngati 100. Msewu umatsetsereka m'mapiri a ku Mvera, ndipo woyendetsa ayenera kufatsa pa makona. Malowa ndi okongola, koma penyani bwino: matumba a makala ali ndandanda mumsewu, ndipo minda yakwera m'mapiri momwe munali mitengo. Mvula ikagwa pa phiri lopanda mitengo, imakokolola nthaka nipita nayo kumtsinje.

Ku Senga Bay mudzaona mchenga woyera, mabwato ndi usipa uli pa thandala. Mukabwerako nthawi ya dzinja, madzi a kumathiriro a Linthipe amakhala ofiira. Kufiirako ndi chonde cha m'minda mwathu.

Tibwerere pa Salima, titenge msewu wa M5 wolowera kumpoto. Nyanja ili kudzanja lamanja, mapiri kumanzere. M'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira muli chilumba cha Mbenje. Kuyambira zaka za m'ma 1950 mafumu a kumeneko amatseka usodzi pachilumbapo nthawi ya mvula kuti nsomba ziswane, natsegulanso cha mu April. Wophwanya lamulo amaweruzidwa pa bwalo la mfumu, ndipo kufikira lero asodzi amapezako nsomba zambiri. Inu mafumu, lamulo limeneli silinachokere ku Boma ayi. Analikhazika ndi anzanu.

Tikadutsa nyanja yaing'ono ya Chia tifika ku Nkhotakota, kwawo kwa mpunga ndi kondowole. Apa mudzaona mkuyu umene David Livingstone anakomanirapo ndi Jumbe mu 1863. Chakumadzulo kuli nkhalango yosungiramo nyama, kumene anasamutsirako njovu zoposa 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017. Mtsinje wa Bua umadutsa m'nkhalangomo. Nsomba za mpasa zimakwera mtsinje umenewu kukaikira mazira pa timiyala ta pansi pa madzi. Matope akakwirira timiyalato, mazira amafa. Ichi ndicho chifukwa mpasa wachepa m'mitsinje imene magombe ake analimidwa, koma mu Bua akadalimo.

Patsogolo pali minda ya nzimbe ya ku Dwangwa, imene imathiriridwa ndi madzi a mtsinje. Mtsinje ukadzaza mchenga, mlimi wa nzimbe ndi wa mpunga onse amalira.

Tsono anzanga, akulu anati madzi saiwala khwawa. Zimene tichita kumtunda, ovutika ndi a kunsi. Ndikupemphani zinthu zitatu. Choyamba, musalime kufikira m'gombe la mtsinje. Siyani mpata, mubzalemo nsungwi, bango kapena nsenjere. Chachiwiri, pa munda wotsetsereka ikani akalozera, mubzalepo udzu wa vetiva, ndipo mizere itsate akalozerawo. Chachitatu, inu nyakwawa, patulani malo a nkhalango ya mudzi, mukonzeretu mbande tsopano, kuti nyengo yobzala mitengo ikayamba mu December ikupezeni muli okonzeka.

Kwa inu amene mukupita kunyanja, onetsani galimoto kwa amakaniko musananyamuke, chepetsani liwiro m'midzi chifukwa cha ana ndi mbuzi, ndipo woyendetsa asalawe mowa. Mukabwerako mukafotokozere mfumu yanu zimene mwaona.